Khutu la a Lumo

Amuna anga ali ndi pakamwa. Sindikuti ndi abodza, ayi, koma nkhani ikalowa m'khutu mwawo ili mbewa, imatuluka pakamwa ili ng'ombe. Anayendetsa basi zaka zambiri, ndipo chizolowezi chokuwa kuti amveke pamwamba pa injini sichinawachoke. Atapuma pantchito anasamukira pa benchi ya a Lumo, ometa tsitsi a mu msewu wathu, ndipo kumeneko n'kumene nkhani za pabanja pathu zimaulutsidwa eni ake osafunsidwa. Ine ndine telala. Makina anga ali pakhonde, moyang'anizana ndi kanyumba kometerako, choncho zambiri ndimaziona ndili ndi mapini pakamwa.

Mwana wathu wachisamba ndi wamkazi, ndipo msewu wonse umamutcha Kamafunso. Ali wamng'ono ankakufunsa chifukwa chake sopo amachita thovu mpaka iwe wamkulu kumva manyazi. Lero ali ku yunivesite, mu labu, akufufuza za khansa. Lamlungu lina atabwera kudzationa, bambo ake anamupanikiza kuti afotokoze chimene kwenikweni amachita kumeneko.

"Ndimagwiritsa ntchito ufa woyera wa zinki, adadi," anatero. "Zinki yomweyi imene amakutira malata kuti asachite dzimbiri. Koma timibulu take ndi tating'ono kwambiri, moti n'kutindandalika chikwi chimodzi, mwina n'kungofanana ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi. Timathira m'kambale momwe muli maselo a khansa. Timalowa m'maselomo n'kungokhala phee. Mumdima sitichita zambiri. Koma ukatiwalitsira nyale yapadera, timadzuka n'kuyamba kuotcha selo kuchokera mkati."

"Ndiye khansa n'kufa?"

"M'kambale, adadi. Maselo ambiri amafa, koma m'kambale. Osati mwa munthu."

Mawu omalizawo anagwera pansi chifukwa amuna anga anali atayamba kale kufunafuna nsapato.

Ndikuuzeni za a Lumo. Ndi munthu wachialubino, wamtali, wodekha, ndipo moyo wawo wonse akhala akuthawa dzuwa. Chipewa chakhonde sichichoka kumutu, malaya ndi a manja aatali okhaokha, ndipo ndimawasoka ndine. M'mawa uliwonse amadzola mafuta oyera amene amalandira kuchipatala oteteza khungu. Ana onse a mu msewu muno anakulira pansi pa makina awo ometera, ndipo Kamafunso amawatcha ankolo ngakhale palibe ubale wa magazi. Chaka chimenecho anali ndi kachilonda pamwamba pa khutu la kumanzere, kosapola. Kuchipatala anatapako kachidutswa, n'kuwauza kuti ndi khansa ya pakhungu, ndipo anawapatsa tsiku loti akadule pamalopo. Tonse tinkadziwa. Tinkadziwanso kuti achimwene awo, amenenso anali achialubino, analowa m'chipinda cha opaleshoni chifukwa cha chilonda cha pakhosi ndipo sanakhalitse pambuyo pake. Munthu wogwira lumo tsiku ndi tsiku ankaopa mpeni kuposa njoka.

Tsiku lina masana, dzuwa lili paliwombo, ndinadzutsa mutu pa makina n'kuona a Lumo atakhala pa kreti pambali pa kanyumba kawo. Mutu unali pamtetete, chipewa chili pabondo. Ndinaganiza kuti mwina chagwera m'madzi akuchiumitsa. Mawa lake, nthawi yomweyo, anali pomwepo, atapendeketsa mutu kuti dzuwa liwombe bwino kumanzere. Ndinasiya siketi ya mwini pakati pa msoko n'kudumpha msewu.

Nkhope inali itafiira piriwiri, pakhosi matuza atayamba. Pakhutu panali mafuta oyera aja, opakidwa mochindikala ngati pulasitala wa khoma.

"Alamu, mwazungulira mutu? Mukutani padzuwa?"

Anandimwetulira ngati munthu amene watola chikwama. Anatulutsa chubu cha mafuta m'thumba la malaya, n'kuchiyandikitsa kumaso monga amachitira powerenga, n'kundilozera ndi chikhadabo.

"Werengani apa, mlamu. Zinki. Yomweyo ya mwana wathu uja. A Dalaivala andifotokozera zonse. Zinki ndi kuwala, khansa imapsa. Ndiye ine zinki ndili nayo, dzuwa ndi laulere. Ndidulitsirenji khutu?"

"Nanga tsiku la kuchipatala lija?"

"Linapita sabata yatha."

Ndinawalanda chipewa n'kuwaveka ndekha, osapempha, ndipo ndinawakokera mumthunzi ngati mwana wokana kusamba. Kenako ndinapita kunyumba. Zimene ndinawauza amuna anga sindingazilembe pano, chifukwa ndine munthu wopemphera. Iwo anayesa kudziteteza kuti sanauze munthu kukhala padzuwa, anangonena zimene mwana akuchita. Ndinawafunsa ngati anatchulako kambale. Anayang'ana kudenga.

Ndinamuimbira foni Kamafunso. Sanakuwe, sanafunse zambiri. Anangoti, "Musawalole kutuluka. Ndibwera mawa m'mawa." Anafikadi, maso ali ofiira, n'kulunjika kometera kuja asanalowe n'komwe m'nyumba mwathu. Anapeza a Lumo akusesa tsitsi. Anayang'ana khutulo nthawi yaitali osalikhudza.

"Ankolo, tsekani. Tikupita kukaona mankhwala anu aja."

A Lumo anasangalala zedi. Anasintha malaya, n'kuvala amizeremizere amene ndinawasokera paukwati wa mwana wa mlongo wawo. Kamafunso anati ine ndi bambo ake tipite nawo, makamaka bambo akewo. Mu minibasi amuna anga anakhala chete ulendo wonse, osadzudzula n'komwe kayendetsedwe ka dalaivala, chinthu chimene sindinachionepo chikwatiwire.

Ndinali ndisanalowepo mu labu. Pakhomo tinalandiridwa ndi mkulu wa pamalopo, pulofesa wachizimayi wamfupi wa imvi, amene Kamafunso anali atamupempha kale chilolezo. Anatipatsa moni wa ulemu, natipatsa makhoti oyera ndi timatumba tovala kunsapato, n'kutichenjeza kuti manja akhale m'matumba, kenako anatisiya. Khoti la amuna anga silinatseke pamimba. Ndinaona kuti mabatani ake anasokedwa mwaulesi, koma ndinaugwira mtima.

Chipinda chimene amagwiriramo ntchito mwana wanga chinali chamdima. Mawindo anali otchinga ndi makatani akuda ochindikala, ndipo kanyale kofiira kokha n'kamene kankaunikira. Mafiriji ankalira chapansipansi. Mabotolo pa shelefu anali okulungidwa m'mapepala asiliva ngati chokoleti, kuti kuwala kusawapeze nthawi isanakwane. Pakona panali kabati yofunda imene Kamafunso anati amasungiramo maselo kuti azimva ngati ali m'thupi. Anatisonyeza kabotolo ka madzi otuwa ngati mkaka wosungunula kwambiri, n'kutiuza kuti ufa uja ndi umenewo. A Lumo anakayang'ana ngati munthu woona chibwenzi chimene wakhala akungomva mbiri yake.

Kamafunso anavala magolovesi, natulutsa timbale titatu tagalasi, n'kuika koyamba pansi pa makina oonera tinthu ting'onoting'ono. Chithunzi chinatuluka pa kompyuta. Anakokera mpando kufupi kwambiri kuti a Lumo, amene maso awo saona patali, athe kuyandikitsa nkhope.

"Ndathiramo utoto," anatero. "Selo lamoyo limaoneka lobiriwira, lakufa limaoneka lofiira. Awa ndi maselo a khansa. Ufa ndinathiramo, koma ndinawasunga mumdima."

Panali pobiriwira ponseponse, timadontho tothithikana, tofiira tili apo ndi apo.

Anasintha kambale. "Awa ndi a khansa omwewo, ufa womwewo, koma ndinawawalitsira nyale."

Chithunzi chinafiira. Mwana amene ndinkamupukuta mamina, wapha khansa ine ndikuona ndi maso anga! Amuna anga anaiwala za manja m'matumba, naomba m'manja kamodzi mwamphamvu.

"Mwaona! Ndinkanama ine?"

"Adadi, dikirani." Analoza ndi cholembera timadontho tobiriwira totsalira m'mphepete. "Awa sanafe. Ndikawasiya, sabata yamawa adzakhala atadzazanso kambale konse. Khansa ukaisiyira mbewu, imabwerera."

Kenako anaika kachitatu. Kameneka kanali kosakanikira, kobiriwira kwambiri ndithu, koma zofiira zinali zochuluka moti sungazinyalanyaze.

"Nanga awa ndi a khansa yanji?" anafunsa a Lumo.

"Awa si a khansa, ankolo. Ndi maselo abwinobwino a khungu la munthu. Ufa womwewo, nyale yomweyo. Ofiira onsewa akanakhala inuyo. Ufawu sunaphunzire bwino kusiyanitsa mdani ndi mwini nyumba, ndipo ntchito yanga yonse ili pamenepo."

A Lumo anabweza nkhope pang'onopang'ono, natulutsa chubu chawo chija, n'kuchigwira m'manja osadziwa kuti achitenso nacho chiyani.

"Zinki ya m'mafuta anuwo ndi yabwino, musaisiye," anatero Kamafunso mofatsa. "Koma ntchito yake ndi ina. Imakhala pamwamba pa khungu ngati denga, kutchinga dzuwa. Siinapangidwe kuti ilowe m'chilonda kukamenyana ndi kanthu. Ndipo dzuwa limene mwakhala mukuothalo, ankolo, ndi lomwe linayambitsa chilondacho. Mwakhala mukuchidyetsa."

"Chabwino," anatero a Lumo. "Ndalakwitsa kachitidwe. Ndiye undichite iweyo bwinobwino, ndi nyale yakoyo. Ndikhala pomwe pano. Zikandiotcha pang'ono ndipirira."

"Sindingathe. Sitinayesepo pa munthu ndi mmodzi yemwe. Sitinafike n'komwe poyesa pa mbewa. Komanso kuwala kumene ndili nako kumangolowa pamwamba, pomwe chilonda chanu chazika mizu."

"Ndiye zidzakonzeka liti? Ndidikira."

Apa n'kuti pulofesa uja atabwerera, ataima pakhomo manja atapinda. Ndinamuona mwana wanga akumuyang'ana kamodzi. Ndinadziwa zimene ntchito imeneyi inamudyera: maukwati a anzake amene sanapiteko, mnyamata wabwino amene anatopa kudikira, maholide amene ankathera mu chipinda chamdima chimenechi. Munthu wina akanayankha mozembazemba, kuti posachedwa, kuti zikuyenda bwino, pofuna kusunga ulemu pamaso pa bwana wake ndi pa makolo ake.

"Sindikudziwa, ankolo," anatero. "Mwina zaka khumi. Mwina kuposa. Mwinanso sizidzatheka n'komwe, ndipo ndidzangokhala nditasonyeza anzanga njira yoti asadutsemo. Inu zaka khumi mulibe. Ngakhale chaka chimodzi mulibe, mukapanda kupita."

A Lumo anaimirira, mpando n'kukhwekhwereza kumbuyo. Sindinawaonepo atakwiya choncho.

"Ndiye zaka zonsezi ukutani kuno? Msewu wonse ukuti tili ndi mwana amene wapeza mankhwala. Ine ndauza makasitomala anga onse. Ukungosewera ndi utoto?"

Mwana wanga sanagwetse maso.

"Ndikuyesa, ankolo. Ndikungoyesa. Koma dokotala amene mwamuthawa uja sakuyesa, akudziwa. Chilonda ngati chanucho amachichotsa sabata iliyonse, anthu n'kubwerera kwawo."

"Achimwene anga sanabwerere."

"Ndikukumbuka. Ndinali wamng'ono, koma ndikukumbuka bandeji imene ankamanga pakhosi zaka zingapo asanapite kuchipatala. Sunawaphe mpeni, ankolo. Anafika mochedwa. Ndipo inu mukutsata mapazi awo omwewo, koma inu mukuchedwa m'dzina langa. Zimenezo sindingazisenze."

Apo misozi inatsika, koma manja anali m'magolovesi ndipo sakanatha kudzipukuta. Ndinamupukuta ndine ndi mkono wa khoti la eni ake. Ndinena mosabisa: pa tsiku limene analandira digiri yake yoyamba ndinalulutira mpaka mawu kusasa, koma sindinamunyadire ngati mmene ndinamunyadira m'chipinda chamdima chija, akuchepetsa ntchito yake ndi pakamwa pake kuti munthu akhale moyo.

"Alamu," ndinatero, "fodya wako ndi amene ali pamphuno. Uyu wa m'kambaleyu akadali kumunda."

Amene anayankhula anali amuna anga, amene nthawi yonseyi anali atatsamira khoma, khoti lili yasa pamimba.

"Achimwene," anatero chapansipansi, mawu amene sindinkadziwa kuti ali nawo, "ndine ndinakuikani padzuwa. Ndikuperekezani ndine. Ndikhala pakhomo pa chipindacho mpaka mutatuluka, ndipo akandithamangitsa ndikaima pawindo."

A Lumo anakhalanso pampando. Anayandikitsanso nkhope pa kompyuta, pa kambale kachitatu kaja, n'kuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anafunsa ngati kuchipatalako angawalandirenso munthu amene anathawa. Pulofesa, amene anali asanayankhule chilowereni, anati othawa ndi ambiri ndipo madokotala anazolowera, chachikulu ndi kupita lero lomwe. Anamugwira Kamafunso paphewa potuluka.

Kuchipatala anawakalipira kaye, monga mwa mwambo wa manesi, kenako n'kuwapatsa tsiku lina lapafupi. Koma kuchedwa kuja kunali ndi mtengo wake. Poyamba ankati adula kachigawo ka pamwamba pokha. Tsopano chilonda chinali chitayenda, ndipo anachotsa khutu lonse la kunja n'kuphimbapo ndi khungu lochokera pantchafu. Amuna anga anakhaladi pa benchi ya pakhomo kuyambira m'mawa, osadya, osayankhula ndi munthu. Dokotala atatuluka anati zikuoneka kuti achotsa zonse, koma azibwera kudzaonedwa kawirikawiri. Amuna anga analira pagulu, munthu wamkulu ndi ndevu zake.

Chinthu chimodzi ndinachimva pambuyo pake. Asanalowe ku opaleshoni, nesi anawafunsa a Lumo ngati angalole kuti chotsala cha chotupacho, madokotala akatha kuchiyeza, chiperekedwe kwa ofufuza a ku yunivesite. Akuti anavomera nesiyo asanamalize kufunsa.

Anatsegulanso kometera patapita milungu ingapo. Kumva akumva bwinobwino, ngakhale amasankha zoti amve. Vuto linali magalasi, amene analibenso pokolowekapo mbali imodzi, ndiye ndinawasokera kalamba ka lasitiki kozungulira kumutu, ndi kansalu kolendewera kuchipewa kotchinga pachipsera. Sanachite manyazi ndi pang'ono pomwe. Kasitomala akangoyang'anitsitsa, iwo amayamba okha.

"Mukufuna khutu? Lili ku yunivesite. Kwanu alipo amene anafikako?"

Loweruka lina Kamafunso anabwera, ndipo ndinamuperekeza kukawaona. Tinapeza akumeta bambo wina wa dazi la pakati, amuna anga ali pa benchi. A Lumo anazimitsa makina, kasitomala n'kutsala mbali imodzi yosameta.

"Wabwera mwana wanga. Tandiuza, khutu langa likuchita bwanji kusukuluko? Likumva?"

Kamafunso anaseka, kenako anachita manyazi pang'ono.

"Sindingadziwe, ankolo. Zikafika kwa ife zimabwera zopanda maina. Amatero dala, kuti tisadziwe kuti kambale aka ndi ka yani. Timbale ndi tambiri, ndipo mwina kanu kali pa shelefu yanga, mwina pa ya mnzanga. Sindiloledwa n'komwe kufunsa."

Ndinaona nkhope ya a Lumo ikugwa. Anali atakonzeka kumva kuti khansa yawo yeniyeniyo yafiira pa kompyuta. Anayang'ana makina ali m'manja, n'kupukuta tsitsi pa mano ake ndi chala. Kasitomala anatsokomola, koma palibe anamulabadira.

"Ndiye sudzadziwa kuti yanga ndi iti?"

"Sindidzadziwa."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, n'kuyatsanso makina, n'kuweramitsa mutu wa kasitomala ndi zala ziwiri.

"Basi, uziphe zonse, mwana wanga," anatero. "Usasiyeko ndi imodzi yomwe. Ina mwa izo ndi yanga."